Tsiku Lomwe Ndinapha Ababa pa Foni

Ababa anga si munthu wolankhula, ndipo chifukwa chake n'chooneka ndi maso: nthawi zambiri m'kamwa mwawo mumakhala misomali. Amakonza masofa ndi mipando, ndipo anthu a ntchito imeneyi amathira timisomali m'kamwa n'kumatulutsa kamodzikamodzi ndi lilime, nyundo ikulira. Ine ndi achimwene anga tinakula tikuyankhidwa ndi nsidze. Nsidze zikakwera m'mwamba ndiye kuti avomera. Zikakumana pakati, aliyense ankadziwa kolowera.

Anabwera ku Bulawayo kutsatira amalume awo, nagwira ntchito pa fakitale ya mipando mpaka tsiku lomwe inatsekedwa. Atachoka kumeneko anamanga kashedi ka malata kuseri kwa nyumba yathu ku Mabutweni, n'kuikamo makina awo akuda osokera nsalu zolimba. Amayi atamwalira, kashedi kameneko ndi komwe kanawasunga. Ankalowamo m'mawa, kutuluka dzuwa litapendeka, tsitsi lili mbuu ndi fumbi la siponji.

Koma ntchito inayamba kuchepa. Makasitomala awo akale ankapita kumanda mmodzimmodzi, ndipo ana awo amagula masofa onyezimira ochokera kutsidya kwa malire, amene akathyoka amangowataya kuseri kuti nkhuku ziziikiramo. Panapita milungu ingapo popanda munthu wogogoda pageti. Achimwene anga, amene amakhala ku Joni ndipo amaganiza mofulumira ngati mmene amayendetsera galimoto, anaimba foni n'kugamula mlandu wonse okha. Anati pa Khisimasi abwera ndi galimoto, makina agulitsidwa, ndipo ababa akapumulira kwa iwo pa fulati yam'mwamba, kumene kuli wailesi yakanema yaikulu.

Ndinayang'ana nsidze za ababa. Sizinakwere, sizinakumane. Zimenezo zinandiopsa kuposa china chilichonse. M'mawa mwake ndinawapeza akuthira oilo m'makina opanda chosoka, akuwapukuta pang'onopang'ono ndi kansanza. Ndinadziwa mumtima mwanga kuti akakwera galimoto imeneyo, sadzaonanso Khisimasi ina.

Tsono ine ntchito yanga ndi yokometsa anthu. Ndimagwira m'kashopu kena pafupi ndi siteshoni ya mabasi ya Egodini, komwe timasindikiza mapepala ndi kulembera anthu makalata ofunsira ntchito. Sindikudzitama, koma munthu akalowa ali wogulitsa tomato, amatuluka ali katswiri wa zamalonda a mbewu zakudimba. Kalekale ndinali nditawatsegulira ababa tsamba pa intaneti, paja pamene anthu a bizinesi amadziwirana n'kumapatsana ntchito, koma ndinalisiya lopanda kanthu. Panali dzina lokha ndi kamutu kotuwa kopanda maso.

Tsiku lina kushopu kunabwera mayi wina amene ali ndi nyumba yogona alendo kumayadi. Podikira mapepala ake anadandaula kuti mipando yake yonse yang'ambika ndipo amisiri a masiku ano amangomata ndi guluu. Ndinamuuza za ababa. Anatsegula tsambalo pomwepo, n'kuseka.

“Sisi, munthu wopanda nkhope ndingamupatse mipando yanga? Ikani chithunzi, lembani zimene amachita, ndipo anthu amene anawagwirira ntchito anenepo mawu. Ndikaona zimenezo tidzalankhula.”

Madzulo ake ndinalowa m'kashedi ndi foni m'manja.

“Ababa, ndikufuna ndilembe pa pulofayilo yanu kuti ndinu katswiri.”

Analavulira misomali m'dzanja. “Wanena ndani?”

“Ndanena ine.”

“Iwe ndiwe mwana wanga. Ngakhale ndikanakhala chidakwa ukananena zomwezo.”

“Koma Ababa, paja amati fumbi ndiwe mwini. Mukapanda kudzinenera, akunenerani ndani?”

“Fumbi limenelo limayamba kulowa m'maso mwa mwini wake. Lemba kuti ndimakonza mipando.”

“Basi?”

Anabwezera misomali m'kamwa, ndipo msonkhano unathera pomwepo.

Ndinaona kuti kwa mwini wake sindipindulako. Ndinaganiza zokafuna umboni kwa anthu ena, ndipo woyamba kumuganizira anali tcheyamani wa sosayiti yathu. Sosayiti ndi bungwe la anthu ochokera kumudzi lothandizana pa maliro, ndipo ababa akhala membala kuyambira ine ndisanabadwe. Tcheyamaniyo ndi mkulu wa ku Mpopoma, dera lina la m'tauni momwemu, wamtali, wa mawu okoma, amene amanena mbiri ya malemu pa maliro alionse a anthu akwathu. Akayamba kulankhula, ngakhale munthu amene anali wovuta pamoyo wake amasanduka mngelo.

Ndinawapeza atakhala pakhonde. Titalonjerana ndinagwada n'kunena chomwe ndadzera.

“Agogo, ndikupempha mawu ochepa oyamikira ababa.”

Anavula magalasi. “Akudwala?”

“Ayi, ali bwinobwino.”

“Usandibisire, mntanami, mwana wanga. Ali kuchipatala chiti?”

“Ali kunyumba, agogo, ndawasiya akumwa tiyi.”

“Nanga tiwayamikire chifukwa chiyani?”

Funso limeneli silinali lachipongwe. Kwathu munthu wamoyo timamuseka, timamubwereka wilibala osabweza, timamunena kuti wanenepa. Zabwino zake timazisunga mosamala kudikira tsiku limene adzagone chagada osatha kutitsutsa. Ndinafotokoza za intaneti, za mayi wa mipando uja, za makina. Anagwedeza mutu ngati amva, koma maso awo ankandiyang'ana mwachisoni.

Kenako anaimirira, namanga mabatani a jekete, nagwirizanitsa manja kutsogolo. Ine ndinatsegula foni kuti ijambule mawu.

“Abale ndi alongo,” anayamba choncho, ngakhale pakhondepo panali ine ndi galu basi, “munthu uyu tonse tikumudziwa. Sanayambanepo ndi munthu. Manja ake atikhazika pabwino tonsefe, olemera ndi osauka omwe. Ine ndinamupatsa sofa yanga, ndipo ataitsegula anapezamo mphete ya malemu mkazi wanga, imene ndinaifunafuna mpaka kutaya mtima. Anaibweretsa wapansi, mvula ikugwa, naiika m'manja mwanga, n'kubwerera osadikira ngakhale tiyi. Munthu wotere sitidzamupezanso.”

Nkhani ya mpheteyo sindinkaidziwa, ndipo inandikhudza mtima. Koma diso langa la ntchito linagwera pa chiganizo chomaliza chija. Ndinati mumtima, apa ndiye pali nyama. Ndinachiika pamwamba penipeni pa tsamba, ndi zilembo zikuluzikulu.

Chinatsala chithunzi. Ababa anakaniratu kujambulidwa atavala ovolosi, ati munthu saonekera kwa alendo ali ndi fumbi. Suti anakananso kuvala, ati si Lamlungu. Koma ine ndinkadziwa kuti m'sutikesi ya pansi pa bedi lawo muli chithunzi cha m'felemu, chokulungidwa m'pilokesi. Amayi atamwalira tinavutika kupeza chithunzi chabwino choika pa pulogalamu ya maliro, ndipo ababa, posafuna kudzativutitsa chimodzimodzi, anapita okha kokajambulitsa atavala suti ndi tayi. Anapita nacho ku msonkhano wa sosayiti, n'kuchionetsa kwa aliyense kuti tsiku likadzafika pasadzakhale mkangano. Zonsezi ndinkazidziwa bwino lomwe, sindinganame. Ndinangoona kuti ndi chithunzi chokongola chomwe chikungogona, ndipo atapita kukasamba ndinachitulutsa n'kuchijambula ndi foni.

Lachisanu m'mawa ndili mu kombi, minibasi ya kuno, ndinaona kuti umboni wa munthu mmodzi ndi wochepa. Ndinatumiza tsambalo ku gulupu ya sosayiti, ku gulupu ya amayi a kutchalitchi, ndi ku gulupu ya mumsewu mwathu. Pamwamba ndinalemba kuti, “Amene ali ndi mawu onena za ababa, alembe apa.” Ndinadziona wochenjera kwambiri. Sindinaganizeko n'komwe za chimene chimaoneka pa foni ya munthu asanatsegule: chithunzi chija cha suti, ndipo pansi pake mawu oti munthu wotere sitidzamupezanso.

Nditangofika kushopu magetsi anathima, ndipo foni yanga, imene sindinaitchaje usiku, inafa isanakwane naini koloko. Ababa nawo anali atalawira kupita ku mafakitale kukafuna zidutswa za siponji. Foni yawo anaisiya m'chitini cha masikuluwu, mmene imakhala masiku onse. Choncho kwa tsiku lathunthu anthu awiri okha amene akanatha kutsutsa nkhaniyo sankapezeka.

Ndinatsika kombi cha m'ma folo koloko. Nditakhota pakona ya msewu wathu ndinaona kansalu kofiira kali pageti pathu.

Ndinaima pomwepo. Aliyense wokulira kuno amadziwa tanthauzo la kansalu kameneko: pakhomopo pagwa maliro. Pabwalo panali azibambo atakhala pa mipando yomwe anaitulutsa m'nyumba, ena pa sofa ya kasitomala mmodzi yekha amene anabwera mwezi umenewo, imene anaikoka m'kashedi. Kumbali utsi unkafuka, ndipo m'nyumba amayi ankaimba nyimbo yomwe tinaimba pa maliro a amayi anga. Ndinaponya chikwama pansi n'kulira mokuwa. Kulira kumeneko kunali kwenikweni.

Mayi woyandikana nafe, Mndebele amene amasunga kiyi wathu wachiwiri, anathamanga n'kundikumbatira.

“Maye, mntanami! Limba mtima, limba mtima.”

“Zachitika liti? Ali kuti? Anawagunda ndi galimoto?”

Anandisiya pang'ono n'kundiyang'ana. “Hawu, ukufunsa ife? Angithi, si ndiwe watiuza?”

Anatulutsa foni m'chifuwa n'kundionetsa. Ndinaona chithunzi, ndinaona mawu, ndinaona dzina langa pamwamba. Pansi pake panali mzera wautali wa mauthenga achipepeso.

Tsono ndiulule. Nditamvetsa chimene chachitika sindinasiye kulira nthawi yomweyo. Ndinapitiriza pang'ono, nkhope ili paphewa la mayi uja, chifukwa ndinkafuna nthawi yoganiza mmene munthu amauzira anthu odzaza bwalo, amene ena ajomba kuntchito ndipo ena abwera ndi makabichi, kuti abwerere kwawo. Nditasuzumira ndinaona tcheyamani atakhala pa mpando wa ababa, atavala jekete ya sosayiti. Iwo ndiye ankadziwa chiyambi cha mawu aja, ndipo ndinayembekeza kuti andipulumutsa. Koma ankauza azibambo anzawo kuti, “Ine ndinadziwa. Mwanayu anabwera kudzatenga mawu Lachitatu, akubisa matenda. Ana a masiku ano amakonzekeratu.”

Ndisanapeze poyambira, nyimbo ya m'nyumba inaduka. Mayi wina amene anali pazenera anakuwa. Tonse tinatembenuka, ndipo pakona paja panatulukira ababa, atasenza mpukutu wa siponji pamutu, akuyenda mwakachetechete monga mwa masiku onse.

Sindinaonepo anthu achikulire akuthamanga chotero. Bambo wina amene amayendera ndodo anaisiya pansi n'kulumpha ngalande. Amayi awiri anakanirirana pakhomo lakuseri. Mayi woyandikana nafe anangokhala pansi pomwepo, akuti “Nkosi yami, Nkosi yami,” kuitana Ambuye m'chinenero chake, osatha kuimirira.

Ababa anaima pageti. Anayang'ana kansalu kofiira, anayang'ana utsi, natula siponji pansi n'kuvula chipewa.

“Watisiya ndani?”

Anthu anayang'anizana. Potsiriza tcheyamani, poti ndi udindo wawo kulengeza, anaimirira n'kukonza kukhosi.

“Inuyo, achimwene.”

Nsidze zija zinayenda pang'onopang'ono mpaka kukumana, ndipo maso anandipeza ine pakati pa anthu onsewo popanda kufunsa munthu. Ndinafotokoza zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anatembenukira kwa azibambo atatu amene anali adakali pa sofa ya kasitomala.

“Dzukanipo pamenepo. Sinakhomedwe kunsi.”

Kuseka kunayambira kwa mmodzi, kenako bwalo lonse linagwa nako. Amene anathawa anabwerera akudzikuntha fumbi, aliyense akunena kuti iye sanathawe koma amakaitana anzake. Ena ankawagwira ababa pamkono kuti atsimikize. Ine ndinalandira mawu anga okwanira chaka chonse, m'Chichewa, m'Chindebele ndi m'Chingerezi.

Pakati pa phokosolo mayi woyandikana nafe anandibweretsera foni yanga, imene anali ataiika pa batire la kunyumba kwake. Itangoyaka inayamba kulira. Anali achimwene.

Ndikulumbira kuti ndinkafuna kuwauza nthawi yomweyo. Ndinadina kuti mawu amveke kwa onse n'cholinga choti ababa alankhule okha. Koma achimwene sanandipatse mpata, ndipo nditamva mmene ayambira, ndinatseka pakamwa dala. Tchimo limenelo ndi langa, ndipo sindinalapebe bwinobwino.

Ankalira ngati mwana. Munthu amene sindinamuonepo akugwetsa msozi ngakhale pa maliro a amayi.

“Ndawapha ndine, iwe. Ndawapha ndine. Ndinawauza za makina aja ngati ndikunena za chitsulo chakutha. Ndili pa siteshoni, ndikukwera basi. Tamvera, makinawo asawakhudze munthu, wamva? Sagulitsidwa. Sukulu yanga yonse inatuluka pa singano imene ija. Nsapato zanga zoyamba, yunifolomu, zonse. Ndipo sindinawauzepo zikomo, ngakhale tsiku limodzi. Ndimati ndidzawauza akadzabwera kuno.”

Ababa anaima pafupi nane, chipewa chili m'manja, akuyang'ana foniyo. Anatambasula dzanja, ndipo ndinawapatsa.

“Ndamva,” anatero.

Kumbali inayo kunangomveka phokoso la mabasi.

“Ababa?”

“Ndilipo. Tsika basiyo, usaononge ulendo. Koma za makinazo wanena wekha, ndipo pano pali mboni zodzaza bwalo.”

Anandibwezera foni, natola siponji yawo, n'kulowa m'kashedi. Anatseka chitseko, chinthu chimene sachita masana. Palibe anawatsatira. Patapita kanthawi tinamva makina akulira, ngakhale ndikudziwa kuti munalibe chosoka.

Chakudya chinali chitapsa kale, ndiye anthu anadya. Tcheyamani anati m'mbiri ya sosayiti sanadyepo pa maliro okoma chotero, ndipo anapempha kuti mawu awo ndisawataye chifukwa adzawafunanso. Achimwene anakhala milungu itatu osandilankhula. Uthenga woyamba umene ananditumizira pambuyo pake unali wa mawu awiri osalembeka pano.

Tsiku lotsatira maliro ajawo, Loweruka, ndinatsegula tsamba lija kuti ndifufute manyazi anga. Ndinapeza kuti anthu sanangolemba m'magulupu mokha. Ambiri anatsegula tsambalo, ndipo amene sadziwa kulemba pamenepo anatuma ana awo. Panali mayi amene ababa anamukonzera mpando wa mwamuna wake wodwala n'kuukweza miyendo kuti azitha kudzuka yekha. Panali mphunzitsi amene sofa yake yakhala zaka zonse za ana ake anayi ikudumphidwa osaphwasuka. Panali wina amene anapezeredwa kalata m'kati mwa mpando, n'kuibwezeredwa ili chimatire, ndipo analemba kuti chinsinsi chake chapita ndi munthu wokhulupirika. Aliyense ankamaliza ndi kuwafunira ababa kuusa mumtendere.

Ndinapita nazo m'kashedi.

“Ababa, ndifufute zonsezi?”

Anali ndi misomali m'kamwa. Analoza foniyo ndi nyundo kuti ndiwerenge. Ndinawerenga uthenga umodzi, ndinaima. Analozanso. Ndinawerenga mauthenga onse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, iwo akukhoma sofa ija osandiyang'ana. Koma nyundo inkachedwa kugwa, ndipo pena inkaima m'mwamba mpaka nditamaliza chiganizo. Nditafika kumapeto analavulira misomali m'dzanja.

“Chotsa zoti ndiuse. Sindinatope. Zinazo zisiye.”

Tsiku lomwelo analola kuti ndiwajambule atavala ovolosi, fumbi lili m'tsitsi, dzanja lili pa makina. Chithunzi cha suti anachibwezera okha m'pilokesi. Mayi wa nyumba ya alendo uja anatumiza mipando yake pa lole sabata yotsatira. Anati sanaonepo mmisiri wokhala ndi umboni wochuluka chotero, ndipo anafunsa kuti tinachita bwanji. Ndinamuuza kuti ndi njira yovuta pang'ono, ndipo siibwerezeka.

Pa Khisimasi achimwene anabweradi ndi galimoto. Kumbuyo kwake kunali mipukutu ya nsalu zokutira mipando ndi bokosi la singano. Sanatchule za fulati, ndipo ababa sanatchule za foni ija. Tsiku lachiwiri ndinawapeza onse awiri m'kashedi, achimwene atakoka nsalu ndi manja awiri, ababa akukhoma, palibe wolankhula.

Mawu a tcheyamani ndinawatsitsa pansi pa tsamba, pamodzi ndi a anthu ena onse. Pamwamba pali zimene mwini wake anandiuza kuti ndilembe, ndipo ulendo uno sindinakometse kanthu. Anangowonjezera liwu limodzi kutsogolo kwa mawu awo akale aja, kuti anthu asavutikenso ndi makabichi: “Ndilipo. Ndimakonza mipando.”